Bedi Lolira la ku Balaka

Bedi limene ndimagonapo ndi lachitsulo, ndipo ndi lakale kuposa anthu onse amene amabwera kudzandizonda. Mwendo wake umodzi ndi wopindika, ndiye ndinauchirikiza ndi njerwa. Utoto wake unali woyera, koma lero wafanana ndi mano anga otsalawa. Adzukulu a achimwene anga akalowa kuchipinda amati, "Agogo, litayeni ili, tikupezereni lamatabwa." Ine ndimawauza kuti ayambe ataya ine, bedilo lidzanditsatira pambuyo.

Sukulu ndinangoinunkhiza, ya pamishoni kwathu ku Balaka, yokwanira kulemba dzina langa ndi kuimba m'tchalitchi mokweza kuposa odziwa nyimbo. Nditakula ndinakakwatira ku Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo ndinakhala pachikamwini, kulima thonje m'munda wa eni mudzi mpaka msana kuuma gwa. Titabereka mwana wathu wamkazi, msonkho unandiimirira pakhomo. Ndinasiya akazi anga kwawoko n'kubwerera ku Balaka kukafuna ntchito.

Ndinaipeza m'nyumba ya mzungu wina wa kunjanji. Adona ake atandiyang'ana anati ndine woyenera kuchipinda chogona, osati kukhitchini, mwina poona kuti ndili ndi nkhope ya munthu wolawa ndiwo. Kumeneko ndiye ndinaphunzira kuti pali anthu ena amene kugona kokha amakukonzekera ngati ulendo wa ku Halale.

Kwathu zogonera sizinkavuta kutchula. Mphasa ya bango inali ya usiku, m'mawa unkaikulunga n'kuiimika pangodya. Mkeka woluka ndi mlaza unali wa alendo ndi wokhalapo pakhonde. Kumutu unkaika mtsamiro wosema, kapena mkono wako womwe. Chofunda chinali nsalu yomwe wavala masana ija, ndipo munthu wokhala ndi gombeza, bulangete lolemera lija, ankayenda m'mudzi ngati sitima ndi yake. Ayao ena a kunyanja anali ndi kama wa mitengo woluka zingwe, amene iwo ankati chindanda, koma kumudzi kwa akazi anga kunalibe ndi mmodzi yemwe.

Tsono kwa mzungu! Pansi penipeni masipuling'i, ukonde wa mawaya umene ukaukhalira umakubwezera m'mwamba. Pamwamba pake matiresi. Kenaka mashiti awiri, lina logonera, lina lofunda. Kenaka bulangete. Kenaka nsalu ina yamaluwa imene ntchito yake, monga ndinaonera ine, inali kufunditsa bulangete kuti lisazizidwe. Pilo, mtsamiro wofewa uja, nayenso anali ndi malaya akeake otchedwa pilokesi. Kudenga kunkalendewera masikito, ukonde wotchinga udzudzu, umene madzulo alionse unkakola mzungu mmodzi ngati mlamba. Pambali panali wadiropu, kanyumba ka zovala kokhala ndi galasi pachitseko, ndipo kunsi kwa bedi kunkabisala kamphika koyera kamene ntchito yake sinditchula, koma wokataya anali ine.

Adona anandiphunzitsa kupisa ngodya za mashiti kunsi kwa matiresi mpaka pakhale posalala ngati madzi a mumtsuko. Akapeza khwinya limodzi ankakoka zonse n'kunena kuti, "Yamba kachiwiri, boyi." Ine boyi, bambo wa mwana.

Chimene chinkandiseketsa n'chakuti bwana ndi adona anali ndi mabedi awiri, aliyense lake, pakati mpata wodutsa mbuzi. Kwathu mwamuna ndi mkazi akatalikitsa mphasa ndiye kuti ali pa kudika: pakhomo pagwa maliro, kapena pali khanda, kapena matenda, ndipo onse ayenera kudzisunga kuti asapweteke ofooka. Ndiye ndinkauza khukhi, wowaphikira chakudya, kuti, "Achimwene, azungu athuwa maliro awo sakutha chaka ndi chaka." Ankaseka mpaka kutaya supu. Ndikadadziwa, sindikadaseka nawo kwambiri.

Ndikamaliza kuyalira anthu ena, ndinkapita kukanyumba kanga kuseri n'kuyala chiguduli pasimenti. Khukhi anali ndi banja lake tsidya la njanji, ndiye ntchito ikatha pabwalo ponse pankatsala ine ndi galu wa bwana, amenenso anali ndi bulangete lake. Sitima ikalira kusiteshoni ndinkaganiza za ku Ngokwe, kumene kulira kwake sikunkafika. Ndinkawaona akazi anga m'maganizo atagona pa shiti loyera, mutu pa pilo, akundifunsa dzina la chinthu chilichonse, ine n'kumawayankha ngati mphunzitsi. Maganizo amenewo ndiwo anali gombeza langa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko.

Mzungu uja atasamutsidwa, katundu wake anamukweza sitima, koma bedi la bwana linatsala chifukwa cha mwendo wopindika uja. "Tenga, boyi, mwendo wake wafa," anatero adona, n'kundiponyeranso shiti limodzi long'ambika m'mphepete. Bedilo linali la munthu mmodzi, lochepa. Ine ndinaona kuti kuchepako ndiye ubwino wake.

Ndinalimasula: kumutu pakokha, kumiyendo pakokha, masipuling'i pawokha. Lole ya mmwenye wogula thonje inanditenga, tinaoloka Shire pa Liwonde, tinakwera mapiri a Machinga injini ikutsokomola, mpaka pa Ntaja. Kuchoka apo unali ulendo wa pamutu. Ndinanyengerera amuna awiri a njira yomweyo kuti andisenzeko, powalonjeza kuti tikafika aliyense adzakhalapo pang'ono. M'midzi imene tinadutsa anthu ankatiimitsa. Ena ankati ndi msampha wa kambuku, ena ankati ndaba chitseko cha ndende.

Ku Ngokwe oyamba kuligwira anali atsibweni awo a akazi anga, mwini mbumba, msodzi wa pa Chiuta. Anawatembenuza masipuling'i aja uku ndi uku, n'kumawagogoda ndi chikhadabo.

"Akamwini, mwachita bwino kutikumbukira. Ichi ndiye chowambirapo milamba chenicheni."

"Iyayi atsibweni, n'chogonapo anthu."

"Anthu amoyo?"

Ndinalilumikiza m'nyumba anthu atadzaza pakhomo. Onse atabalalika, akazi anga anayandikira, mwana atawagwira chilundu, n'kukanikiza ndi chala chimodzi. Bedi linati kwiii! Anadumphira kukhomo.

"Abambo, chili ndi moyo?"

"Ndi bedi, amayi. Adona amagona pa chotere."

Anakanikizanso. Kwiii! Anayang'ana khoma, n'kuyang'ana ine.

"Adona anuwo alibe anansi?"

Apa ndinene za mamangidwe a mudzi uja. Nyumba za mbumba imodzi zinkakhala mothinana, makoma ake a mitengo yomata dothi. Yoyandikana nafe inali ya alamu anga, mkulu wawo wa akazi anga, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo, amene ine ndi iwo tinkanyozana kuyambira tsiku la ukwati monga amachitira anthu pachilamu. Iwo akayetsemula kwawo, ife kwathu tinkati pepani.

"Mphasa yanga siuza munthu za m'nyumba mwanga," anatero akazi anga madzulo ake, akuyala pansi pambali pa bedi. "Ichi chiziuza mudzi wonse. Gonanipo nokha, mwachivutikira."

Ndinagonapo ndekha. Ndinati mawa akwera. Mawa lake ndinatinso mawa.

Musandifunse ngati sindinkatsika. Ndinkatsika, ndine munthu. Koma tulo tikayandikira ndinkakweranso kumtunda kwanga, chifukwa ndinali ndi nkhani yanga mumtima. Mkamwini alibe kanthu. Malo a nyumba ndi a eni, munda ndi wa eni, mwana wako yemwe ndi wa atsibweni ake. Mphasa imene akazi anga ankayalayo bango lake anadula ndi abale awo. M'mudzi monse muja chinthu changa chinali chitsulo chokhacho. Pabedi paja ndiye panali kwathu, Balaka wanga wamiyendo inayi, ndipo ndinkafuna kuti akazi anga adzafikeko, ngakhale kamodzi kokha. Ndinawauza zimenezi mwanthabwala, poti njira ina yonenera zinthu sindinkaidziwa.

"Amayi, anzanu amapita kuchitengwa kutali, kuoloka mitsinje. Inu chitengwa chanu n'chongokweza mwendo umodzi basi."

"Kwanuko kuli phokoso," anayankha, n'kufunda kumutu.

Ndinayesa zonse. Masipuling'i ndinawadzoza mafuta; analira monona. Ndinati mwina akuopa kuuma kwa mawaya, ndiye ndinatola thonje lokanidwa ku sikelo, lakuda lija, ndipo iwo anandisokera matiresi a ziguduli ndi manja awo, bwinobwino, pamodzi ndi kapilo kakang'ono. Atamaliza anaziyala pabedi, anasalaza ndi dzanja, anati, "Gonani bwino, abwana," n'kutambasula mphasa yawo. Shiti lija ndinalisunga m'bokosi. Ndinati limenelo lidzayalidwa tsiku limene mlendo wanga adzafike.

Masana bedi linkagwira maganyu. Nkhuku inaikirapo mazira. Mtedza wa mbewu unkathawirapo chiswe. Mwana wathu ankalisandutsa lole yopita ku Ntaja. Koma kukada linkakhala langa ndekha. Ndinkagona m'mphepete, dzanja lili lende. Nthawi zina akazi anga ankalimenya ngati udzudzu. Nthawi zina ankagwira chala chimodzi mpaka tulo titawatenga, chala n'kutsala chokha. Ndinkamva kupuma kwawo pansipo, pafupi ndithu, koma ngati tsidya lija la Chiuta, kwa Apwitikizi.

Chaka china chikuku chinalowa m'mudzi n'kugwira mwana wamng'ono wa alamu anga. Mwambo wake unali wodziwika: mbumba yonse idike mpaka mwana atachira, chifukwa banja limodzi likalakwa, zidzolo zimabwerera m'kati ndipo mwana amapita. Akazi anga anakokera mphasa yawo kukhomo, kutali ndi ine, ndipo ngakhale chala changa sanachigwirenso.

Nyengo yomweyo nsikidzi zinapeza matiresi anga. Sindikudziwa amene anaziuza. Zinabwera ndi ana ndi adzukulu omwe, n'kumanga mudzi m'misoko ya chiguduli. Ine kukanda, kutembenuka, kukanda, mpaka kucha, ndipo bedi likuimba: kwii, kwii, kwii.

Mwana uja anafooka kwambiri. M'mawa wina ndikukhomera khasu mumpini, ndinaona amayi a m'mudzi atakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa alamu, atsibweni ali pampando, ndipo akazi anga atagwada pakati, nkhope ili pansi. Anandiitana.

Alamu sanayambe ndi chipongwe tsiku limenelo. Maso awo anali ofiira.

"Alamu, mwana wanga anakulakwirani chiyani?"

"Bwanji kodi, alamu?"

"Chitsulo chanu tikuchimva. Dzulo, dzana. Simungadike mpaka mwana atadzuka?"

Akazi anga anali atakana kale, koma ndani akanawamvera? Pamene wayala mphasa ukhoza kuonetsa anthu, koma phokoso onse anali atalimva ndi makutu awo. Ndinavula malaya n'kuwaonetsa msana wotupa ndi kulumidwa. Mayi wina anati nsikidzi zimaluma wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

"Atsibweni," ndinatero, "mboni yanga ndi bedi lomwelo. Akazi anga akhale pompano. Inu nonse tcherani makutu."

Ndinalowa m'nyumba ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndinagona chagada n'kuyamba kukanda monga mwa masiku onse. Sindinachite kunamizira, eni matiresi anali maso. Kwii, kwii, kwii.

Kenaka ndinamva mawu a alamu: "N'komweko! Kulira kwake n'komweko!" Wina anayamba kuseka, mnzake n'kulandira, mpaka amayi onse kugwirana mapewa. Nditatuluka ndinapeza atsibweni akupukuta misozi.

"Akamwini, ndinakuuzani ine. Milamba siikanda."

Mlandu unathera pomwepo. Mwana anachira, ndipo alamu anabwera ndi nkhuku kudzapepesa mng'ono wawo. Koma akazi anga sanaseke nawo, ngakhale tsiku lomwelo ngakhale pambuyo pake. Anali atagwada pakati pa anthu chifukwa cha chinthu chimene sanachikwerepo n'komwe.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unadziwa kuti mkamwini wa ku Balaka amagona yekha pachitsulo chake. Ndikamadutsa kuchitsime amayi ankati kwii, kwii. Ine ndinkawathandiza kuseka. Ndinkawauza kuti bedi limayankhula Chingelezi mbandakucha, kuti linandipempha fodya, kuti likufuna kubatizidwa koma likuvutika ndi katekisimu. Ndinatchuka kuti ndine wabodza wa m'mudzi, ndipo kutchukako ndinkakondwa nako, poti mkamwini woseketsa samuthamangitsa msanga.

Bedi tinalithira madzi otentha, miyendo yake tinaiika m'zitini za madzi a phulusa, thonje lija tinatentha. Akazi anga anasokanso matiresi ena, a makoko a chimanga, amene nawonso anabwera ndi chiyankhulo chawo: tswa, tswa.

"Mwaona, abambo?" anatero akusoka, osandiyang'ana. "Tsopano makutu onse ali pakhoma pathu. Kulira kwa munthu mmodzi akukudziwa. Ndikakwera ine adzadziwa kuti lero n'kwa awiri."

Ndinasiya kuwapempha. Shiti linakhalabe m'bokosi, ndipo ndinkangolitulutsa nthawi zina kuliyanika padzuwa kuti njenjete zisalimalize.

Zaka zinapita. Mvula ya chaka china inawasiyira akazi anga chifuwa chosamva mankhwala, a kumishoni ngakhale a m'tchire. Anaonda mpaka zibangili kumavuka zokha. Nyengo yogulitsa thonje itafika, tsiku la msika mudzi wonse unasenza mitolo kupita ku sikelo, ndipo mwana wathu anapita ndi alamu. Ine ndinatsala kuti ndiwaphikire phala. Dzuwa litafika pamutu anandiitana ali pamphasa.

"Abambo, kunjaku kuli ndani?"

"Nkhuku, ndi mbuzi ya atsibweni."

"Zimenezo sizinena. Tsekani chitseko."

Ndinatseka.

"Kwanu kuja, njira ikadalipo?"

Sindinamve msanga. Ataloza bedi ndi mlomo, ndinazindikira. Ndinachotsa dengu la mtedza, ndinakuntha matiresi, ndinatulutsa shiti lija. Linali litasanduka lachikasu m'mapindo, likununkha bokosi. Ndinaliyala monga anandiphunzitsira, ngodya kuzipisa kunsi, kong'ambika kuja kukhoma, osasiya khwinya. Kapilo kanalibe malaya, ndiye ndinakafunditsa ndi shiti lomwelo. Iwo ankangondiyang'ana.

"Ndiye ntchito imene munkagwira ku Balaka ndi imeneyi? Zaka zonse zija?"

"Imeneyi, amayi."

"Ife kuno n'kumauza anthu kuti abambo akuyendetsa njanji."

Ndinawanyamula. Anali opepuka ngati mtolo wa bango louma. Bedi linangoti kwi, pang'ono, ngati likupereka moni. Anaika mutu pa pilo, maso ali kudenga.

"Kodi denga lathu lili chonchi? Taonani, pamene pamadontha paja ndi apo. Inu mumagona pafupi nalo chonchi osapaona?"

"Ine ndimayang'ana pansi, amayi."

Patapita kanthawi anati, "Msana ukumva ngati ndili m'bwato. Nanga ichi dzina lake n'chiyani?"

Mayina onsewo ankawadziwa kale, zina mwa zinthuzo anasoka okha, koma anandifunsa chimodzichimodzi. Ili ndi shiti. Uyu pilo. Awa matiresi. Pansipa masipuling'i. Ndinawafotokozera ndi zimene tinalibe zomwe, masikito, wadiropu, ndi kamphika kaja, kamene anakana kukhulupirira.

"Nanunso bwerani. Koma pang'onopang'ono, chingadzuke."

Ndinagona m'mphepete, mwendo umodzi uli pansi. Tinakhala duu ngati ana obisala m'nkhokwe. Kenaka anayamba kuseka, sindikudziwa chimene anakumbukira, kusekako n'kusanduka chifuwa, bedi n'kulandira: kwii, tswa, kwii. Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya shiti.

"Lira," anatero atapeza mpweya. "Lero kulibe womva."

Anagona tulo pang'ono, atatsamira phewa langa. Ine sindinasunthe, ngakhale mkono unachita dzanzi. Dzuwa litapendeka tinamva patali nyimbo za anthu ochokera ku sikelo. Anadzuka.

"Nditsitseni. Kwanu ndakuona, n'kwabwino. Ndidzabweranso ndikachira." Shiti analipinda okha ali pamphasa, n'kundipatsa. "Ndipo mukauza munthu, ndidzakana."

"Nanga akandikhulupirira?"

"Inu? Ndi pakamwa panupo?"

Sanachire. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe, ali pamphasa yawo, ndipo mphasa yomweyo ndi imene anawakulungiramo.

Titameta maliro linafika tsiku londisudzula. Mwambo unali wakuti nyumba ya womwalira igwetsedwe, ndipo zonse zimene ankagonera ndi kufunda zitsale m'katimo, zipse pamodzi ndi udzu wa denga. Mwamuna amatenga zake zokha n'kubwerera kwawo. Ana amatsala. Atsibweni anaima pakhomo n'kumagawa: mkeka utsale, mtsamiro utsale, gombeza limene ndinawagulira ku Balaka litsale.

"Chitsulo chanu tulutsani, akamwini. Mwana wathu sanagonepo, chilibe mlandu."

Ine sindinkafuna kuti lituluke. Ndinkafuna denga ligwere pomwepo, monga limagwera pa zinthu zonse za mwini nyumba, kuti anthu aone kuti nalonso linali lawo.

"Anagonapo," ndinatero.

Anthu anayang'anana.

"Anagonapo, atsibweni. Tsiku la msika wa thonje. Masana."

"Tikadamva," anatero mayi wina.

"Munali ku sikelo nonse."

Alamu anapukusa mutu. "Alamu, mwatiseketsa zaka zonsezi, tikuthokoza. Lero tisiyeni tilire."

Amuna awiri analowa n'kulitulutsa, ndi matiresi omwe. Analiika pabwalo, mwana wanga n'kukhalapo, miyendo ili lende, osadziwa kuti ayang'ane ndani. Ndinauza atsibweni kuti atenge masipuling'i aja akawambire milamba yawo monga ankafunira kuyambira kale. Anakana.

"Tengani chonse, akamwini. Kwanuko mukagona pati?"

Ndiye ndinatsegula bokosi langa, ndinatulutsa shiti lija, n'kulunjika nalo kunyumba. Alamu anandigwira mkono.

"Nsalu yabwino ngati imeneyi muitenthe? Mwazungulira mutu? Msiyireni mwana."

Anandilanda, n'kulitambasula kuti aone kukula kwake. Chakumutu kunali banga lozungulira la mafuta a nsatsi, amene mng'ono wawo ankadzola m'tsitsi. Pansonga panali timadontho touma, tofiirira. Alamu ndi amene ankachapa nsalu za wodwala miyezi yonse ija, timadontho totere ankatidziwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane. Analipinda motsata mapindo omwe aja, analowa nalo m'nyumba okha, n'kutuluka manja ali chabe.

"Gwetsani," anauza amuna aja.

Ndikunyamuka, alamu anasenza kumutu kwa bedi n'kundiperekeza mpaka kudambo kumene njira ya ku Ntaja imayambira. Utsi unkaoneka kumbuyo kwathu. Atatula, anandifunsa motsitsa mawu.

"Anati bwanji?"

"Anati n'kwabwino."

"Wabodza inu," anatero, akupukuta mphuno ndi chilundu, n'kubwerera.

Ulendo wobwerera ku Balaka palibe anandiimitsa kufunsa kuti ndasenza chiyani. Mabedi anali atayamba kudziwika. Kwathu abale anandipatsa malo kumapeto kwa mudzi, ndinamanga kanyumba, ndinalumikiza chitsulo changa. Anayesa kundipezera mkazi wina, koma amene anabwera kudzaona nyumba anakhala pabedi tsiku lomwelo osafunsa, n'kumadumphadumpha akuyamikira, ndipo ine ndinapeza chifukwa chothetsera nkhaniyo. Mwana wanga anakulira ku Ngokwe, anakwatiwa komweko, ndipo ana ake amanditchula kuti agogo a kutali.

Masiku ano adzukulu a achimwene aja anandiikira matiresi a siponji, amene sayankhula. Amadandaula kuti ndimawapindikira mbali imodzi, kukhoma kukadali kwatsopano. "Agogo, sunthirani pakati, mudzagwa. Ndipo dzanja limenelo muzililowetsa m'bulangete, makoswe adzaliluma." Ine ndimati inde, iwo akatuluka ndimalitulutsanso.

Masipuling'i okha ndiwo sanasinthe. Ndikatembenuka amalirabe, kulira kwa munthu mmodzi, koma anansi anga a ku Balaka sadziwa kusiyanitsa.